Mapu a M'kati mwa Mtima ndi Wodwala wa ku Kasinje

 Nkhani yanga lero ndi ya makina amene sapezeka pachipatala chathu chaching'ono pano pa Kasinje, ndiponso kuchipatala chachikulu cha ku boma ku Ntcheu kulibe. Ndi makina ojambula mapu a m'kati mwa mtima wa munthu wamoyo, mapu oonetsa m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, amene dokotala amawatsata akamawotcha tizigawo ta mnofu tosokoneza kagundidwe ka mtima. Ena mwa inu mwayamba kale kudzifunsa kuti nkhani yotere yabwera kudzatani m'chigwa cha Bwanje, kumene ngakhale mankhwala a BP amatha kusowa. Funso limenelo ndi labwino ndipo ndiliyankha. Mfundo yanga ndi imodzi: kuti makinawa athandize munthu kapena alephere, nkhani yake imakhala itagamulidwa kalekale wodwalayo asanagone patebulo la opaleshoni, ndipo imagamulidwira pamalo ngati pano, pa dzanja la amene anayamba kumugwira pamkono n'kumvetsera kugunda kwa mtima wake. Umboni wa mfundo imeneyi ukuchokera kwa akatswiri a mapuwo eni ake.

Tiyambe ndi mtima. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowapopa. Chimene chimachititsa kuti zipindazi zizifinya motsatana ndi mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, yopangidwa ndi kagulu ka maselo m'chipinda cham'mwamba chakumanja. Munthu akakhala chete, kagulu kameneka kamatumiza mphamvuyo maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi, mwadongosolo. Matenda amene madokotala amawatcha atrial fibrillation amayamba dongosololi likasweka. M'malo mwa lamulo limodzi, m'zipinda zam'mwamba mumabuka timafunde tamagetsi tambirimbiri tothamanga paliponse, maulendo oposa 300 pa mphindi, mwakuti zipindazo zimaleka kufinya n'kumangonjenjemera. Mwamwayi pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi pali kachipata kamene sikalola mafunde onsewo kudutsa, koma amene adutsa amadutsa mosayembekezereka. Zotsatira zake ndi zimene odwala amanena akafika kwa achipatala: mtima ukuthamanga, mtima ukudumphadumpha, ndikumva befu ndikangokwera kachitunda, khasu likundilemera. Ena samva kalikonse, ndipo amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri.

Vuto lalikulu si kudumphako ayi. Chipinda chikaleka kufinya, magazi amadekha, makamaka m'kathumba kakang'ono kamene kali m'mbali mwa chipinda cham'mwamba chakumanzere, ndipo magazi odekha amaundana. Tsiku lina kachidutswa ka magazi oundanawo kamatayika, kamakwera ndi mtsempha wa m'khosi n'kukatseka njira ya magazi mu ubongo. Munthu amene dzulo anali kumunda amadzuka mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Kumudzi timamva kuti wamenyedwa ndi hamala, ndipo banja limayamba kuyang'anana, agogo ena osalakwa n'kulozedwa chala. Kafukufuku wa ku Framingham ku America, amene anatsata anthu a tauni imodzi kwa zaka makumi ambiri, anaonetsa mu 1991 kuti matendawa amachulukitsa pafupifupi kasanu chiopsezo cha sitiroko. Vuto lachiwiri limabwera pang'onopang'ono: mtima wothamanga miyezi ndi miyezi osapuma umafooka, miyendo imatupa, ndipo wodwala amayamba kugona chokhala chifukwa akagona chagada amabanika.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti chisokonezochi chilibe gwero limodzi, choncho sichingathetsedwe popanda kung'amba chifuwa. Mu 1987 dokotala James Cox wa ku St Louis anayamba kuchita opaleshoni yodula ndi kusoka zipinda zam'mwamba m'mizeremizere kuti zipsera zitseke njira za mafundewo. Inkathandiza, koma inali opaleshoni yaikulu yotsegula mtima. Zinthu zinasintha mu 1998, pamene Michel Haïssaguerre ndi anzake a ku Bordeaux ku France anasindikiza zimene anapeza mwa odwala 45. Anaona kuti tinthethe toyambitsa chisokonezocho, toposa 90 pa 100 tilitonse, tinkachokera malo amodzi: m'mitsempha inayi imene imabweretsa magazi kuchokera m'mapapo kulowa m'chipinda cham'mwamba chakumanzere. Ndiye kuti ngati mitsempha imeneyi itazingidwa ndi chipsera chosadutsa magetsi, nthethezo zingathere momwemo. Alimi a kuno mukuidziwa nzeru imeneyi. Mwezi wa Okutobala, moto wolusa ukamabwera kuchokera kutchire, simuthamangitsa lawi lililonse. Mumalambula kapena kuwotcheratu mzere kuzungulira nkhokwe, ndipo moto ukafika pamzerepo umasowa chodya. Koma mukudziwanso kuti mzerewo ukatsala ndi kampata kamodzi kokha ka udzu, ntchito yonse yapita pachabe. Umu ndi mmene zililinso mumtima, ndipo apa ndi pamene mapu anafunikira.

Taganizirani ntchito imene dokotala akufunika kugwira. Salowa pachifuwa. Amalowetsa timachubu tating'ono totalika, totchedwa makatheta, mumtsempha wa pamwamba pa ntchafu, n'kutikankha mpaka tifike m'chipinda cham'mwamba chakumanja, kenako amaboola kakhoma kopyapyala kolekanitsa zipinda ziwirizo kuti alowe kumanzere. Mmenemo ayenera kuika timadontho ta kutentha kamodzikamodzi, tolumikizana popanda mpata, pakhoma lokhuthala mamilimita ochepa chabe, mtima ukugunda, wodwala akupuma, ndipo kuseri kwa khomalo kukudutsa mmero wa chakudya. Poyamba chomuthandiza kuona chinali ekisire yokha. Ekisire imaonetsa mafupa ndi katheta, koma mnofu wa mtima imauonetsa ngati chithunzithunzi chosaoneka bwino, ndipo chithunzi chake ndi chafulati: sichinena ngati nsonga ya katheta ili kutsogolo kapena kumbuyo, komanso sichikumbukira pamene pawotchedwa kale. Kuwonjezera apo, wodwala ndi ogwira ntchito ankakhala nthawi yaitali pa cheza cha ekisire, chimene chimavulaza thupi chikachuluka.

Yankho linachokera ku Israel m'zaka za m'ma 1990, kwa Shlomo Ben-Haim ndi anzake, amene anapanga makina otchedwa CARTO n'kuwafotokoza m'magazini ya madokotala a mtima mu 1997. Pansi pa tebulo la wodwala amaikapo zipangizo zitatu zotulutsa mphamvu yofooka ya maginito, ndipo kunsonga ya katheta kuli kachipangizo komva mphamvuyo. Poyerekeza mmene mphamvu ya chilichonse mwa zitatuzo ikumvekera, kompyuta imadziwa pamene nsongayo ili, molondola pafupifupi milimita imodzi. Makina ena, monga EnSite, amagwiritsa ntchito timagetsi tofooka todutsa pakati pa zomata zoikidwa pakhungu. Dokotala akamayendetsa katheta m'chipindamo, paliponse pamene yakhudza khoma kompyuta imalemba zinthu zitatu: malo ake, nthawi imene funde lamagetsi lafika pamenepo, ndi kukula kwa mphamvuyo. Madontho akafika mazana kapena masauzande, pagalasi pamaoneka chipinda chonse cha mtima wa munthu ameneyo, osati cha m'buku, ndi mitsempha yake mmene inakhalira, chifukwa anthu timasiyana: ena mitsempha iwiri yakumanzere imalowera khomo limodzi, ena ali ndi wachisanu. Dokotala akhoza kutembenuza chithunzicho n'kuchiona kumbuyo kapena m'kati. Akayamba kuwotcha, mnofu wofika kutentha kopyola madigiri 50 umafa n'kusanduka chipsera, ndipo kadontho kalikonse kamalembedwa pamapupo. Makatheta a masiku ano amayezanso mmene nsonga ikukanikizira khoma, m'magalamu. Pomaliza amayesa ngati magetsi akudutsabe mzerewo, ndipo ngati akudutsa, mapu amaloza pamene pali mpata.

Ndinene mosabisa kuti iyi ndi ntchito yogometsa, ndipo imathandizadi anthu. Kwa amene matendawa amabwera n'kuchoka okha, ambiri amatha chaka osaonanso vutoli akawotchedwa kamodzi, ndipo kuwotcha kumaposa mankhwala pa ntchito yosunga kagundidwe kabwino. Mu kafukufuku wotchedwa CASTLE-AF, wofalitsidwa mu 2018, mwa odwala 363 amene mitima yawo inali itafooka kale, anamwalira anali pafupifupi 13 pa 100 alionse mwa owotchedwa, pamene mwa olandira mankhwala okha anali 25 pa 100 alionse. Koma tisakokomeze. Kafukufuku wamkulu kuposa ameneyu, CABANA, wa odwala 2,204, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, sanapeze kusiyana kotsimikizika pa imfa ndi sitiroko pakati pa magulu awiriwo, ngakhale owotchedwa ankapeza bwino ndipo matendawo ankabwerera mocheperapo. Ngozi ziliponso: pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 khoma limabooka magazi n'kudzaza thumba lokuta mtima, ndipo mwa apo ndi apo kutentha kumafika pammero n'kuuboola, vuto losowa koma lakupha. Ndiponso munthu amene chiopsezo chake cha sitiroko ndi chachikulu amapitirizabe kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana ngakhale atawotchedwa.

Tsopano ndifike pamtima pa nkhani yanga. Mapu aja saonetsa mawonekedwe okha. Amaonetsanso thanzi la mnofu. Pamene mphamvu yamagetsi ili yabwino pamapakidwa mtundu wina, ndipo pamene yatsika, kawirikawiri pansi pa theka la milivoti, pamapakidwa mtundu wina, kusonyeza mnofu umene wasanduka chipsera chifukwa cha matenda. Akatswiri anaganiza kuti popeza tsopano akuona zambiri, akawotcha malo ambiri achiritsa ambiri. Zinawakanika. Mu 2015, kafukufuku wa STAR AF II, wa odwala 589 amene matendawa anali atakhazikika, anayerekeza njira zitatu. Mwa amene anangozingiridwa mitsempha inayi ija, 59 pa 100 alionse anali bwino patatha miyezi 18. Mwa amene anawotchedwanso malo ena osokonekera, 49. Mwa amene anawonjezeredwa mizere ina, 46. Kuwotcha kwambiri sikunapindule kanthu. Chifukwa chake chinali chitaonetsedwa kale mu 1995 ku Maastricht ku Netherlands, kumene Maurits Allessie ndi anzake anayesa pa mbuzi. Anapeza kuti akamayambitsa chisokonezochi mobwerezabwereza, poyamba chinkatha pa masekondi ochepa, koma patapita masiku chinkakhalitsa, mpaka chinaleka kutha chokha. Matendawa amadzikonzera okha malo okhala: amasintha mnofu, amakulitsa chipinda, amabala zipsera, ndipo zipserazo zimabalanso matendawo. Mu 2014 kafukufuku wa DECAAF, amene anayeza zipsera ndi makina a MRI odwala asanawotchedwe, anapeza kuti chaka chisanathe vutoli linabwerera mwa pafupifupi 15 pa 100 alionse a zipsera zochepa, koma mwa oposa theka la a zipsera zambiri. Choncho dokotala akayang'ana mapu n'kuona chipinda chodzaza zipsera, chimene akuwerenga ndi zaka zimene wodwalayo anakhala osapezeka ndi matendawa, ndipo palibe katheta imene ingazibweze.

Nanga wodwala wa kuno ndi ndani? Sali ngati wa m'makafukufuku aja. Odwala a mu CABANA anali a zaka za m'ma 68, ambiri a ku America ndi ku Ulaya. Kuno kuli mizu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi kuthamanga kwa magazi: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP yosasamalidwa imaumitsa chipinda cham'munsi, magazi amabwerera m'mbuyo, chipinda cham'mwamba n'kumakula. Muzu wachiwiri umayambira paubwana, ndi zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya a streptococcus. Zikapanda kuchizidwa, chitetezo cha thupi mwa ana ena chimatembenukira mavalavu a mtima n'kuwawononga pang'onopang'ono. Valavu yakumanzere ikapanikizika, chipinda cha pamwamba pake chimafufuma chaka ndi chaka mpaka kagundidwe katasokonekera. Kafukufuku wa REMEDY, wotsogozedwa ndi Bongani Mayosi ndi Liesl Zühlke a ku Cape Town, anatsata odwala 3,343 a matenda a mavalavu amenewa m'mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, komanso ku India ndi ku Yemen. Theka la odwalawo anali asanapitirire zaka 28, awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo oposa mmodzi mwa asanu anali kale ndi atrial fibrillation. Ku Lilongwe, ana 1,450 atajambulidwa mitima ndi makina a sikani, zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti oposa atatu mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro zoyamba za matendawa, iwo osadziwa.

Mayi wa zaka 28 wotere, atati wanyamulidwa lero kupita ku Johannesburg kapena ku India n'kugonekedwa pa makina abwino koposa, mapu ake angaonetse chipinda chotambasuka chodzaza zipsera, ndipo dokotala woona mtima angamuuze kuti kuwotcha kokha sikukhalitsa valavu isanakonzedwe. Makafukufuku akuluakulu a kuwotcha sanachitike pa mitima ngati yake. Ndipo tili ndi chenjezo lamphamvu lakuti zopezeka kwa odwala a ku Ulaya sizingangotengedwa chonchi n'kuikidwa pa odwala athu. Kumayiko olemera warfarin, mankhwala akale oletsa magazi kuundana, walowedwa m'malo ndi mankhwala atsopano osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo ambiri ankayembekezera kuti zikhala chimodzimodzi kwa a matenda a mavalavu. Koma kafukufuku wa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 a mu Africa, Asia ndi Latin America, atatuluka mu 2022 anaonetsa kuti amene ankamwa warfarin ndi mankhwala a mtundu wake anamwalira ochepa poyerekeza ndi amene ankamwa rivaroxaban, mankhwala atsopanowo. Mankhwala akale otsika mtengo anapambana, ndipo tinadziwa zimenezi chifukwa chakuti wina anavutikira kufufuza pa odwala enieniwo.

Ndikudziwa kuti alipo otsutsa. Woyamba anena kuti: ngati zili choncho, bwanji osasiya nkhani za mtimazi kaye? Kuno malungo akupha ana, amayi akufa pobereka, TB ndi Edzi zikadalipo. Ndalama zochepa zipite kumeneko. Ndikulemekeza maganizo amenewa chifukwa amachokera kwa anthu amene amaona shelefu ya mankhwala ili mbee. Koma akulakwitsa poganiza kuti matenda a mtima ndi a anthu a m'tauni onenepa. Mtsikana wa valavu yopanikizika nthawi zambiri amadziwika ali woyembekezera, pamene magazi achuluka m'thupi mtima n'kulephera, ndipo akamwalira amawerengedwa pa imfa za uchembere. Bambo amene ma ARV amupatsa zaka zina makumi awiri ndi yemweyo amene BP ikumudikira. Ndipo mtengo wa sitiroko sulembedwa m'mabuku a unduna: umalipiridwa ndi mwana wamkazi amene amasiya sukulu kuti azitembenuza ndi kusambitsa kholo lake, ndi munda umene ugonera chaka chimenecho. Tikulipira kale matendawa, kungoti tikulipira kumapeto, kumene ndalama imagula zochepa.

Chimene chikufunika kumayambiriro n'chotheka. Kagundidwe kosalongosoka kamamveka ndi zala ziwiri pamkono kwa theka la mphindi, ndipo mlangizi wa zaumoyo aliyense, ngakhale wodzipereka wa m'mudzi, angaphunzire tsiku limodzi. Aliyense woyezedwa BP ayenera kugwidwanso pamkono, makamaka popeza makina ena a BP a mabatire amasokonezeka mtima ukamadumpha. Wokayikitsa atsimikiziridwe ndi ECG, chipangizo chimene Willem Einthoven anachiyambitsa zaka zoposa 120 zapitazo, ndipo lero chilipo chaching'ono cholowa m'thumba cholumikiza ku foni. Kenako pafunika sikani ya mtima kuti tidziwe ngati valavu ili bwino, chifukwa yankho la funso limeneli ndi limene limasankha mankhwala. Kuti izi zingachitike kutali ndi Blantyre ndi Lilongwe taziona kwa anansi athu a ku Neno, kumene boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphunzitsa achipatala amene si akatswiri a mtima kusamalira matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a mavalavu. Njira imeneyi, yotchedwa PEN-Plus, inavomerezedwa ndi nduna za zaumoyo za mu Africa ku Lomé mu Ogasiti 2022. Ndipo kumayambiriro kwenikweni kuli penisilini. Ku Uganda, kafukufuku wa GOAL anapeza kuti mwa ana a zizindikiro zoyamba za matenda a mavalavu amene ankabayidwa jakisoni wa penisilini milungu inayi iliyonse kwa zaka ziwiri, matenda anakula mwa osakwana mmodzi pa 100, pamene mwa osabayidwa anakula mwa 8 pa 100.

Wotsutsa wachiwiri ndi wachipatala, ndipo mawu ake ndi olemera kuposa a woyamba. Akuti: kupeza wodwala n'kosavuta, koma mukamupeza mumupatsa chiyani? Warfarin amachepetsa sitiroko ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, inde, koma akachuluka munthu amataya magazi, ngakhale mu ubongo, ndipo akachepa sateteza. Amafuna kuyeza magazi kotchedwa INR kawirikawiri. Amalimbana ndi rifampicin wa TB, amene amamufooketsa, ndi bakitirimu, amene amamuwonjezera mphamvu, komanso ndi ma ARV ena. Amasintha ndi ndiwo zamasamba: nyengo ya dzinja ya nkhwani, bonongwe ndi chisoso si yofanana ndi ya chilimwe. Amavulaza mwana m'mimba. Mu REMEDY momwemo, mwa amene anayezedwa INR, osakwana mmodzi mwa atatu ndi amene anali pamlingo woyenera. Zonsezi ndi zoona, ndipo wopereka warfarin popanda njira yoyezera akuika moyo wa munthu pachiswe. Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa: ikutiuza kuti tibweretse kuyezako pafupi, osati tileke kufufuza odwala. Kachipangizo koyezera INR ndi dontho la magazi a pachala kalipo, kofanana ndi koyezera shuga. Chimene chimagwetsa wodwala wa ku Kasinje ndi ulendo wokwera mapiri kupita ku boma mwezi ndi mwezi, ndalama ya kabaza ndi minibasi, ndi tsiku lotayika kumunda. Dziko limene linatha kufikitsa ma ARV ndi kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kuzipatala zazing'ono, ndi makadi, ndi kalondolondo wa osiya mankhwala, silinganene kuti luso lotere ndi lachilendo. Ndipo ngakhale warfarin asanafike, wodwala wopezeka msanga amapindula: BP yake imatsitsidwa, mtima umachepetsedwa liwiro ndi mankhwala monga atenolol kapena digoxin, chithokomiro chimayezedwa, ndipo mtsikana amalangizidwa za kulera asanatenge mimba imene mtima wake sungaipirire.

Pali mbali ina imene ili m'manja mwa wodwala mwini. Ku Melbourne ku Australia, odwala 140 omwa mowa anagawidwa pawiri, ena n'kupemphedwa kusiya. Zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti m'miyezi isanu ndi umodzi vutoli linabwerera mwa 53 pa 100 alionse a gulu losiya, ndi mwa 73 pa 100 alionse a gulu lopitiriza. Mtima susiyanitsa vinyo wa ku Australia ndi kachasu kapena masese a kwathu. Chimodzimodzi mchere wothira mowirikiza m'ndiwo, ndi fodya.

Wotsutsa wachitatu akuchokera mbali ina, ndipo mtima wanga uli naye pafupi. Akuti: nthawi zonse Mmalawi amauzidwa kuti akhutire ndi zotsika mtengo, pamene a ndalama ndi akuluakulu amakwera ndege kukachizidwa kunja; kodi munthu wa ku Kasinje sayenera makina abwino? Ayenera, ndipo aliyense wonena kuti chithandizochi si cha anthu akuda kapena osauka ndikutsutsana naye. Alipo Amalawi amene chingawathandize kwambiri: a matenda ongoyamba kumene, mavalavu ali bwino, amene mtima wawo ukufooka chifukwa cha liwiro lokha, komanso achinyamata a mitundu ina ya kuthamanga kwa mtima imene kuwotcha kumaichiza kotheratu mwa oposa 9 pa 10 alionse. Koma makina okha si chithandizo. Pafunika dokotala wophunzira zaka zambiri pamwamba pa ukatswiri wa mtima, amisiri a makinawo, magetsi osazima, dokotala wa opaleshoni woti n'kuthamangira khoma likabooka, ndi makatheta amene amapangidwa kuti agwire ntchito kamodzi ndipo amagulidwa ndi madola, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi mu Novembala 2023. Gulu limene limachita opaleshoniyi mwa apo ndi apo limakhalanso ndi ngozi zambiri kuposa limene limaichita mlungu uliwonse. Ndiponso luso likusintha mofulumira. Mu 2016 kafukufuku wa FIRE AND ICE anaonetsa kuti kabaluni kozizira kwambiri, kamene kamazinga mtsempha wonse nthawi imodzi ndipo sikadalira mapu otere, kamagwira ntchito mofanana ndi kuwotcha kwa odwala a matenda obwera n'kuchoka. Kuyambira kumapeto kwa 2023 America yavomereza njira ina yopha maselo ndi kuthwanima kwa magetsi amphamvu, imene siivulaza mmero kawirikawiri. Dziko logula mothamanga likhoza kutsala ndi makina odula amene nthawi yawo yapita.

Choncho ndikuti tifune chipinda cha opaleshoni chokhala ndi makina otere, chimodzi cha dziko lonse pachipatala chachikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central, chogwirizana ndi sukulu ya madokotala ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ana athu atumizidwe kukaphunzira lusoli kuyambira tsopano, popeza kuphunzitsa munthu kumatenga nthawi yaitali kuposa kugula makina. Koma chipindacho chidzakhala ndi phindu pokhapokha ngati odwala ofikako adzakhale oti n'kuthandizika, ndipo zimenezo zidalira ife. Boma la Ntcheu linali ndi anthu oposa 650,000 pa kalembera wa 2018. Kuti unduna udziwe angati mwa iwo mtima wawo ukudumpha, angati ndi a mavalavu ndipo angati ndi a BP, payenera kukhala kaundula woyambira pazipatala zazing'ono ngati chathu, wolemba dzina, zaka, tsiku limene vutoli linapezeka, zotsatira za sikani ndi mankhwala amene akumwa. Mafumu ndi a komiti ya zaumoyo, mukamakumana ndi akuluakulu a zaumoyo a boma lino, pempho lanu likhale lotchula zinthu mayina: penisilini wa jakisoni wosasowa pashelefu, mankhwala a BP, ECG imodzi yogwira ntchito, kachipangizo ka INR ndi timapepala take, ndi tsiku lodziwika pamwezi limene wodziwa sikani ya mtima azitsikira kuno kuchigwa. Aphunzitsi, mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi, kapena wotupa mfundo za miyendo ndi manja mosinthanasinthana, atumizidwe kuchipatala mlungu womwewo, ndipo makolo auzidwe chifukwa chake.